MusicBee: nyimbo za banja lonse pa laputopu imodzi

MusicBee ndi pulogalamu yaulere, imagwira pa Windows pokha, ndipo pa ntchito imene ndinkaifunira, yosunga nyimbo za banja lonse malo amodzi n'kumagawira aliyense pa kachipangizo kake, sindinapeze ina yoiposa. Amene muli pa changu tengani mawu amenewa. Amene muli ndi mpata, ndikuuzeni mmene timaigwiritsira ntchito kwathu kuno ku Chilomoni, pamene imachita bwino ndi pamene imakusiyani panjira.

Pakhomo pathu tilipo asanu ndipo aliyense amamvera pa chake. Abambo akunyumba ali ndi choimbira nyimbo cha Apple, iPod nano ya 16GB, ya mtundu womaliza uja unatuluka mu 2012, imene achimwene awo anawatumizira kuchokera ku Leeds. Apongozi anga ali ndi kawailesi kolowa memore kadi, ka mabatani a manambala, ndipo kamakhala pambali pawo ngakhale akusankha nyemba pakhonde. Mtsikana wathu wa Fomu 3 sitinamupatse foni, ndiye tinamugulira kachipangizo koimbira nyimbo kotchedwa SanDisk Clip Jam. Mnyamata wathu, mchimwene wake wamkulu, amamvera pa foni ya Android. Ine ndili ndi fulashi imene imakhala mu wailesi ya galimoto, momwe muli nyimbo zanga ndi zimene timaphunzira ku kwaya ya Mvano.

Kale nyimbo zinkayenda mwachisawawa. Mnyamata akatsitsa nyimbo pa intaneti ankapatsira mlongo wake, mlongo wake n'kuikopera pa kadi ya agogo, kadi ya agogo n'kupita kumsika kukaikitsa zina za kwaya, pobwera yatenga vairasi, mafoda onse asanduka ma shortcut. Nyimbo imodzimodzi inkapezeka kangapo, pena yolembedwa Track 07, pena AUD-20230512-WA0007, pena dzina la webusayiti imene anaitsitsako. Kadi ikafa, zonse zinali mmenemo zapita, chifukwa kunalibe kwina kumene zinasungidwa. Chimene chinandidzidzimutsa ndi ulaliki ndi nyimbo za pa maliro a apongozi aamuna, zimene m'bale wina anajambula pa foni. Ndinapeza kuti zatsala pa kadi imodzi yokha, ndipo kadiyo inkayenda m'thumba la yunifolomu ya mwana.

Choncho tinagwirizana lamulo limodzi: nyimbo iliyonse iyambe yalowa mu laputopu, ndipo chipangizo chilichonse chizitenga mu laputopumo, osati kwa chinzake. Chimanga chimakhala m'nkhokwe, wofuna amakatapa kumeneko, palibe amatapa m'lichero la mnzake. Lamuloli ndi losavuta kulinena, koma popanda pulogalamu yokumbukira kuti uyu amatenga ziti, uyo amatenga ziti, munthu umatopa sabata yoyamba yomwe. Apa m'pamene MusicBee imagwira ntchito yake.

Anailemba ndi Steven Mayall ndipo inayamba kutuluka mu 2008. Ilibe malonda otulukira pa sikirini, sikufunsani imelo, sikufunsani akaunti, ndipo mukaiika sifunanso intaneti kuti igwire ntchito ya tsiku ndi tsiku. Imapezeka m'njira zitatu: yoika mu kompyuta monga mapulogalamu ena onse, ya pa Microsoft Store, ndi ina imene amaitcha Portable, yomwe imakhala mu foda imodzi n'kumayenda nayo. Ine ndinasankha ya Portable yomweyi, chifukwa tsiku limene laputopu idzatope ndidzangonyamula fodayo kupita nayo pa ina, zonse ndinakonza zili momwemo. Laputopu yathu ndi yakale, imachedwa kudzuka, koma MusicBee imatseguka msanga ndipo kufufuza nyimbo sikudikiritsa.

Tsiku loyamba imaopsa, ndisakunamizeni. Zonse zili m'Chingerezi, Chichewa mulibe, ndipo mu Preferences, malo osinthira kagwiridwe ka pulogalamuyi, muli timabokosi tochuluka kwambiri moti munthu amene anazolowera kungodina pa foni akhoza kutseka n'kuchoka. Zambiri mwa izo simudzazikhudza. Pa ntchito ya banja ngati lathu pali zinthu zinayi zokha zofunika kuzidziwa, zomwe ndi Inbox, ma tag, ma auto-playlist ndi tsamba la Devices.

Inbox ndi malo odikirira. Mumaiuza pulogalamuyi foda imene nyimbo zatsopano zizifikira, ndipo chilichonse chogwera mmenemo sichisakanikirana ndi zinzake mpaka mutachiona n'kuchivomereza. Kwathu ana akabwera ndi nyimbo amaponya mu foda imeneyo, ine kapena mnyamata timadzazikonza Loweruka masana tikamaliza zochapa. Chinthu chaching'ono chimenechi ndi chimene chinathetsa ma Track 07 aja. Palinso pofufuzira nyimbo zobwereza, ndipo titapagwiritsa ntchito koyamba mu laputopu munapezeka malo.

Ntchito yaikulu, yotopetsa, imene palibe pulogalamu ingakugwirireni yonse, ndi ya ma tag. Mkati mwa fayilo iliyonse ya nyimbo mumalembedwa mutu wake, woyimba, chimbale, chaka ndi mtundu wa nyimbo, ndipo zipangizo zimawerenga zimenezi, osati dzina la fayilo limene inu mukuliona. MusicBee imatha kufufuza pa intaneti n'kudzaza yokha, ndipo pa nyimbo za kunja zotchuka imalondola bwino. Pa zathu za kuno imabwerako chimanjamanja nthawi zambiri. Makwaya a m'mipingo, oyimba a m'maboma, zimbale zakale zimene zinatuluka pa kaseti, zonsezi mulemba nokha ndi zala zanu. Chimene imathandiza n'chakuti mukhoza kusankha nyimbo makumi angapo nthawi imodzi n'kulemba dzina la kwaya kamodzi kokha. Zotsitsa pa mawebusayiti ena zimabwera dzina la webusayitiyo litalembedwa paliponse, pa chimbale, pa woyimba, ngakhale pa chithunzi, ndipo zimenezi zimachotsedwanso pamodzi.

Malangizo awiri pamenepa. Dzazani malo olembedwa Album Artist, osangodzaza Artist yekha, apo ayi chimbale chimene muli oyimba angapo chimamwazika pa kachipangizo n'kukhala ngati zimbale khumi. Chachiwiri, ma tag a MP3 asungidwe mu mtundu wa ID3v2.3, chifukwa mawailesi a m'galimoto ndi tizipangizo takale timawerenga umenewu bwino kuposa 2.4. Chilembo cha ŵ pa sikirini zina chimatuluka kabokosi kapena funso, ndiye pa nyimbo zopita mu galimoto ndimangolemba w wamba.

Tsopano mfundo imene ndimaikonda kuposa zonse. MusicBee imalola kupanga tag yanuyanu n'kuipatsa dzina limene mukufuna. Ine ndinapanga imodzi n'kuitcha Mwini. Pa nyimbo iliyonse ndimalembapo amene amaifuna: Agogo, Bambo, Mayi, Mtsikana, Mnyamata. Ngati aifuna awiri kapena atatu, ndimalemba onsewo. Fayilo ndi imodzi yomweyo mu laputopu, koma ikudziwa kumene iyenera kupita. Kenaka munthu aliyense ndinamupangira auto-playlist, mndandanda umene umadzidzaza wokha potsata lamulo limene mwaupatsa. Wa apongozi umati: tenga nyimbo zonse zimene pa Mwini pali Agogo. Mwana akabwera ndi nyimbo ya kwaya imene agogo ake aikonda, timangowonjezera dzina lawo pa Mwini, yalowa kale mu mndandanda wawo, ikungodikira tsiku limene kadi idzalumikizidwe.

Mndandanda womwewo mukhoza kuuikira malire, kaya a kuchuluka kwa nyimbo, kaya a maola, kaya a kukula kwake mu GB, n'kuuuza mmene uzisankhira zikachuluka: mwachisawawa, kapena zimene zangolowa kumene, kapena zimene zatenga nthawi osamvedwa. Izi n'zofunika chifukwa nyimbo za mu laputopu n'zambiri kuposa zimene kachipangizo kalikonse kangasenze. Masamu ake ndi awa. MP3 ya 128 kbps (kbps ndi muyeso wa deta imene nyimbo imadya pa sekondi) imadya pafupifupi 1MB pa mphindi, ndiye nyimbo ya mphindi 4 ndi 4MB. Ya 320 kbps imadya 2.4MB pa mphindi, nyimbo yomweyo n'kufika pafupifupi 10MB. Kachipangizo kolembedwa 8GB kompyuta imakaona ngati 7.4GB, ndiye mumalowa nyimbo pafupifupi 1,800 za 128 kbps, koma za 320 kbps zosafika 800. Makwaya athu satha nyimbo pa mphindi 4, ndiye chiwerengerocho chitsitseni ndithu. Ulaliki sufuna zambiri: pa 64 kbps ola lathunthu ndi 29MB, ndipo mawu a abusa amamveka bwinobwino.

Chipangizo chikalumikizidwa koyamba, MusicBee imachiona n'kuchipatsa malo akeake pa tsamba la Devices. Pamenepo mumasankha mindandanda imene chizitenga, mmene mafoda azikhalira mkati mwake, komanso ngati nyimbo zizisinthidwa mtundu popita. Mukakonza kamodzi imakumbukira. Ulendo wotsatira mumangolumikiza n'kudina Synchronise, yokha imaona zimene zawonjezeka n'kutumiza zokhazo. Kusintha mtundu popita ndi kumene kunandigwira mtima. Zimbale zathu za CD tinazikopera mu FLAC, mtundu umene sutaya kanthu pa kamvekedwe koma nyimbo imodzi imatha kudya 25MB kapena kuposa. Kawailesi ka apongozi FLAC sikaidziwa, Clip Jam nayonso saiwerenga. MusicBee imasandutsa nyimbozo kukhala MP3 pamene ikutumiza, ya mu laputopu n'kutsala mmene inalili. Zimachedwerapo pa laputopu yofooka, makamaka ulendo woyamba, koma ndi ntchito yoisiya ikuyenda inu mukuphika.

Pa tsamba lomwelo pali kabokosi kamodzi kofuna kukaganizira musanakadine, kouza pulogalamuyi kuti izifufuta pa chipangizo chilichonse chimene sichili pa mndandanda. Kwa ife kamathandiza, chifukwa ndi kamene kamachititsa kuti kadi isadzaze ndi zakale. Koma ngati munthu waika yekha nyimbo pa kadi yake osadzera mu laputopu, zimenezo zipita. Pali batani la Preview loonetsa zimene zichitike musanavomereze, ndipo ndimalidina nthawi zonse. Ana anazolowera kuti chilichonse chatsopano chiyambe chafika mu Inbox.

Chipangizo chimene chinatitengera nthawi yaitali si cha ana, ndi cha apongozi. Iwo sawerenga pa sikirini, kawailesi kawonso kamangoonetsa nambala. Nyimbo amazidziwa ndi manambala: akadina 12 akudziwa kuti kubwera ya m'buku la nyimbo imene amaikonda m'mawa, akadina 40 kubwera ulaliki uja wa pa maliro. Titangowonjezera nyimbo zatsopano, manambala onse anasuntha. Anandiitana kukhitchini, nkhope itagwa, amvekere, "Apongozi, nambala 12 ija mwaipititsa kuti?" Sanakalipe, koma ndinaona kuti tawalanda chinthu chawo.

Chifukwa chake n'chakuti timawailesi tambiri totere, pamodzi ndi mawailesi ena a m'galimoto, satsata dzina la fayilo kapena ma tag. Amatsata ndondomeko imene mafayilo analembedwera pa kadi. Mukafufuta ina pakati n'kuika yatsopano, yatsopanoyo ikhoza kukhala pamalo pa yofufutidwayo, ndipo mzere wonse wasokonekera. MusicBee payokha siikonza zimenezi, ndipo apa ndiyenera kuichotsera malikisi. Chimene timachita n'chakuti nyimbo zimene apongozi amazidziwa pamtima zili pa mndandanda wamba, wosadzisintha wokha, ndipo zatsopano zimangowonjezedwa kumapeto. Pa kadi yawo zonse zimakhala mu foda imodzi, dzina lililonse likuyamba ndi nambala ya malo atatu, 001, 002, mpaka mtsogolo. Zikasokonekera timafufuta kadi yonse n'kuilembanso kuyambira pa 001. Palinso timapulogalamu tating'ono, monga DriveSort, tokonza ndondomekoyi popanda kufufuta. Kuyambira pamenepo nambala 12 sinasunthenso, ndipo palibe amaloledwa kuikhudza.

Kadi ya kawailesi kotere ikhale ya 32GB kapena kucheperapo. Makadi ofika 32GB amabwera atakonzedwa m'njira yosungira mafayilo yotchedwa FAT32, pamene a 64GB kupita m'mwamba amabwera ali mu exFAT, imene timawailesi tambiri totsika mtengo sitiwerenga. Munthu amayesa kuti kadi yafa kapena wailesi yawonongeka, pamene sizikungomvana. Chinanso ndi zochokera pa WhatsApp. Mawu ojambulidwa pa WhatsApp pomwepo amakhala mu mtundu wa Opus, ndipo atsogoleri athu a kwaya amatumiza mawu a soprano ndi alto mwa njira imeneyi. Foni imawaimba, koma wailesi ya galimoto imawadumpha ngati palibe. MusicBee imawawerenga n'kuwasandutsa MP3, ndiye ndimaphunzira mbali yanga ndili pa mzere wa magalimoto pa Chipembere Highway.

Vuto lina la nyimbo zochokera kosiyanasiyana ndi kukwera kwa mawu. Ya pa kaseti yakale imamveka chapansipansi, yotsatira ya masiku ano n'kuphulika m'makutu, apongozi n'kumangotembenuza kabatani. MusicBee imayeza nyimbo iliyonse ndi njira yotchedwa ReplayGain n'kulemba mu tag kuti ikwezedwe kapena itsitsidwe motani. Pa laputopu zimagwira bwino, koma kawailesi sikawerenga tag imeneyo. Pa nyimbo za apongozi ndinagwiritsa ntchito kapulogalamu kena kaulere, MP3Gain, kamene kamasintha kukwera kwa fayilo yeniyeniyo popanda kuwononga kamvekedwe.

Za Clip Jam ndilibe zambiri zonena chifukwa siinavute. Kompyuta imaiona ngati fulashi wamba, MusicBee n'kuidzaza. Ili ndi 8GB mkati, polowa kadi ya microSD, wailesi ya FM, ndipo opanga ake amati batire yake imafika maola 18. Chofunika kudziwa n'chakuti mndandanda wake wa mkati umalekeza pa nyimbo 2,000, ndi zina 2,000 za pa kadi, ndiye auto-playlist ya mtsikana ndinaiikira malire osafika pamenepo. Foni ya mnyamata ndiyo imafuna kuleza mtima. Mafoni a Android amalumikizana ndi kompyuta m'njira yotchedwa MTP, imene ndi yochedwa ndipo nthawi zina imaduka pakati. Foni ikhale yotsegula, musankhe File transfer pa foniyo, chingwe chikhale chonyamula data osati chongotchajira. Ngati foni ili ndi memore kadi, kuichotsa n'kuilowetsa mu laputopu mwachindunji kumafulumira kutalitali.

Tifike pa iPod ya abambo akunyumba, imene siimvera lamulo la wina aliyense koma la Apple. iPod siilandira nyimbo zongoponyedwa mu foda ngati fulashi. Ili ndi kaundula wakewake amene iTunes, pulogalamu ya nyimbo ya Apple, imalemba, ndipo nano ya 2012 imeneyi timaidyetsa kudzera mu iTunes basi. Ndiye pa laputopu yathu pali mapulogalamu awiri, koma nyimbo zili pamodzi. Chinsinsi chili pa timabokosi tiwiri ta mu iTunes, pansi pa Advanced: kena kamati izikopera mafayilo mu foda yake, kena kamati izikonza yokha mafodawo. Tonse tiwiri tichotseni chizindikiro. Mukatero iTunes imangoloza pamene nyimbo zili, siipanga zina zobwereza ndipo siisuntha kanthu. Mndandanda wa abambo ndimausunga kuchokera mu MusicBee ngati fayilo ya M3U, n'kuulowetsa mu iTunes, iTunes n'kuutumiza pa iPod. iTunes siiwerenga FLAC, ndiye zimbale zimene iwo amafuna, za sungura ndi rumba zimene akhala akusonkhanitsa kuyambira ali mnyamata, ndinazipangira makope a MP3 mu foda ina. Ndi ntchito yowonjezera, ndipo ndikanakonda ikanatheka ndi batani limodzi.

Kwa amene m'nyumba mwanu muli ma iPod okhaokha, MusicBee simukuifuna. iTunes imodzi imadyetsa ma iPod angapo popanda vuto, iliyonse imakumbukiridwa ndi dzina lake ndi mindandanda yake, ndipo ma Smart Playlist ake, ofanana ndi ma auto-playlist aja, amalolanso kuika malire a GB. Palinso kabokosi kotsitsa nyimbo zikuluzikulu kukhala mtundu wina wa fayilo, AAC ya 128 kbps, popita pa iPod. Chimene muyenera kuopa ndi mbali inayo: iPod imodzi imagwirizana ndi nkhokwe ya nyimbo ya iTunes imodzi yokha. Mukailumikiza pa kompyuta ya mnzanu, iTunes ya kumeneko imafunsa ngati ifufute zonse n'kuikamo zake, ndipo mwana wosawerenga bwino akadina Erase and Sync, zapita. Abambo ndinawapempha kuti iPod yawo isamapite pa kompyuta ya kuntchito. Dziwaninso kuti Apple inasiya kupanga iPod nano ndi iPod shuffle mu 2017, n'kutseka mtundu wonse wa iPod mu May 2022, patatha zaka zoposa 20 chiyambire mu 2001. Pa Mac, iTunes inachotsedwa mu 2019 ndipo iPod imalumikizidwa kudzera mu Finder, pulogalamu yoonera mafayilo. Amene akugula iPod lero akugula yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo ayambe wafunsa za batire.

Pali chinthu chimodzi chimene nkhokwe imodzi siingachite bwino, kaya ndi MusicBee kaya iTunes. Nyenyezi zimene munthu amapatsa nyimbo ndi chiwerengero cha kangati yamvedwa zimakhala za nyumba yonse. Mnyamata akapatsa amapiano ake nyenyezi zisanu, pa laputopu zikuoneka ngati tonse tavomereza. N'zotheka kupanga nkhokwe zosiyana, aliyense yake, zonse zikuloza foda imodzi, koma pamenepo ntchito yokonza imachuluka ndipo mwabwereranso ku chisokonezo chija. Ife nyenyezi tinazisiya, tag ya Mwini ija ndiyo imalamula.

Kusunga zonse malo amodzi kuli ndi ngozi yake yoonekeratu: laputopu ikafa kapena ikabedwa, nyumba yonse yakhala chete. Tinagula hard disk ya kunja, ndipo kumapeto kwa mwezi ndimakoperako foda ya nyimbo ndi foda ya MusicBee yomwe. Siikhala m'chikwama chimodzi ndi laputopu. Zojambula za pa maliro zija zilinso kwa alamu anga ku Zomba. Ubwino wa laputopu pa ntchito imeneyi ndi batire: magetsi akathima kadi ikulembedwa, ntchito imapitirira, pamene pa kompyuta ya pa tebulo kadi ikhoza kuwonongeka. Ndipo musazule kadi kapena fulashi musanadine Eject, ngakhale mwana akukufulumizitsani.

Makadi abodza alipo ambiri. Pachikuto palembedwa 64GB, kompyuta nayonso ikuonetsa 64GB, koma mkati ndi mochepa kwambiri, ndipo mukadutsa malire ake enieni nyimbo zimaoneka pa mndandanda koma siziimba. Munthu angayese kuti MusicBee ndiyo yalakwitsa. Kadi yatsopano iliyonse ndimayamba ndaiyesa ndi kapulogalamu kaulere kotchedwa H2testw, kamene kamalemba kadi yonse n'kuiwerenganso kuti kaone ngati kukula kwake n'koona. Kamatenga nthawi, koma kamakuuzani mukadali ndi lisiti m'manja.

Mnyamata wanga amandifunsa kuti, "Amayi, bwanji osangolipira Spotify?" Funso lake ndi labwino. Spotify, yomvetserera nyimbo pa intaneti, inafika ku Malawi mu 2021, ili ndi dongosolo la banja lolola anthu 6 okhala nyumba imodzi, aliyense ndi akaunti yake, ndipo vuto la nyenyezi lija kulibe. Kwa banja limene aliyense ali ndi foni yamakono ndi bandulo yokwanira, imeneyo ndi njira yosavuta. Koma siilowa mu kawailesi ka apongozi, siilowa mu Clip Jam, siilowa mu iPod nano. Nyimbo zotsitsa kuti muzimvera popanda intaneti zimafuna kuti foni ilowe pa intaneti kamodzi pa masiku 30 aliwonse, ndipo mukasiya kulipira zimatsekeka. Koposa zonse, kwaya ya mpingo wathu kulibe kumeneko, makaseti a abambo kulibe, mawu a abusa pa maliro aja kulibe. Iye amagwiritsa ntchito Spotify pofufuza zatsopano, ndipo sindimuletsa.

Anthu oyandikana nawo atamva kuti kwathu nyimbo zili m'dongosolo anayamba kubwera ndi mafulashi. Ndimawakaniza mwaulemu, kupatula zojambula za kwaya yathu zimene ndi zathu tonse. Chifukwa choyamba ndi mavairasi. Chachiwiri n'chakuti oyimba athu amadya thukuta lawo movutikira, ndipo dziko lino lili ndi lamulo la umwini wa ntchito za luso la 2016, komanso bungwe la COSOMA loyang'anira zimenezi. Kukopera CD imene ndinagula kuti apongozi amvere pa kawailesi kawo ndi nkhani ya m'nyumba mwanga. Kudzaza mafulashi a mudzi wonse ndi kulanda woyimba uja makasitomala ake. Kwaya ikamagulitsa chimbale pa tchalitchi timagula, ngakhale tikudziwa kuti mawa lake chikhala chikuyenda pa WhatsApp.

Amene ali ndi Mac kapena Linux, MusicBee si yawo. Pa Linux pali Strawberry ndi Rhythmbox. Pa Windows pomwepo pali MediaMonkey, imene imagwira ntchito yofanana koma zina mwa zabwino zake zili mu mtundu wolipira, ndi foobar2000, yopepuka kwambiri koma yofuna munthu wokonda kukonzakonza. Amene laputopu yawo ikadali pa Windows 10 adziwe kuti Microsoft inaika October 2025 ngati mapeto a chithandizo chake chanthawi zonse. MusicBee imagwirabe pamenepo, koma laputopu yotero ndi bwino isamalowe pa intaneti mwachisawawa ndiponso isamalandire fulashi ya aliyense.

Ndipo pafunika munthu mmodzi pakhomo woti ntchitoyi ikhale yake. Ngati palibe amene angakhale pansi Loweruka kulemba maina a nyimbo ndi kudzaza pa Mwini, pulogalamuyi idzangokhala choimbira china pa laputopu. Poyambira pabwino ndi kusonkhanitsa makadi ndi mafulashi onse a m'nyumba, kuwayesa vairasi, kukopera zonse mu foda imodzi popanda kufufuta kanthu, n'kuyamba kukonza za munthu amene ali ndi nyimbo zochepa. Kwathu tinayamba ndi za apongozi, ndipo kadi yawo yakale sitinaifufute mpaka iwo eni atamvera yatsopanoyo kuyambira 001 mpaka kumapeto n'kunena kuti zonse zilimo.